Mlonda Akakhala Chete

Aliyense amene anaperekezako m'bale wake ku bwalo la ndege la Chileka, n'kupeza malo oonera bwino, mwina anaonapo chinthu ichi. Ndege isananyamuke, mmodzi mwa oyendetsa amatsika n'kuyamba kuizungulira wapansi. Amayang'ana matayala, amasuzumira kunsi kwa mapiko, amaona ngati pali pena pamene pakudontha mafuta. Akabwerera pampando, iye ndi mnzake amatenga mndandanda wa zoyenera kuchita. Wina amawerenga mokweza, wina n'kumayankha, mzere ndi mzere, ngati ana a m'kalasi ya katekisimu. Anthu a ku Lirangwe, amene amangoona ndege ikudutsa m'mwamba, saziona zimenezi. Iwo amaona chinthu chonyezimira chikuyenda mosatekeseka, ndipo ana amachikweza manja.

Munthu angadabwe: bwanji akatswiri amene akhala akuulutsa ndege zaka zambiri aziwerengabe pepala ngati ophunzira? Mwambowu unayamba ndi maliro. Pa 30 Okutobala 1935, ku Wright Field m'dziko la America, ndege yatsopano ya kampani ya Boeing, yotchedwa Model 299, inagwa itangonyamuka, ndipo anthu awiri anamwalira. Mmodzi wa iwo anali woyendetsa wake, Major Ployer Hill, katswiri wodziwika pa ntchito yoyesa ndege zatsopano. Ofufuza anapeza kuti ndegeyo inalibe vuto lililonse. Chimene chinachitika n'choti anaiwala kumasula loko amene amagwira zowongolera ndege ikaima pansi kuti mphepo isamazigwedeze. Anzake a malemuyo sanamunyoze. Anazindikira kuti ngati munthu waluso chotero angaiwale, ndiye kuti aliyense angaiwale, ndipo analemba mndandanda woti aziwerenga asananyamuke.

Malamulo onse a kayendetsedwe ka ndege amayambira pa kuvomereza kumeneku, kuti munthu, ngakhale wabwino ndi wophunzira, amaiwala, amatopa, amachita mantha, amafulumira. Akhristu sayenera kuona chachilendo pamenepa, chifukwa Misa nayo imayambira pomwepo. Asanamve Mawu a Mulungu, onse, kuyambira wansembe mpaka mwana wotumikira pa guwa, amayamba avomera kuti analakwa. Ndipo savomera zoipa zimene anachita zokha, amavomeranso zabwino zimene anayenera kuchita koma sanachite. Mawu a Mulungu a Lamulungu lino la 23 pa Chaka akukamba za mtundu wachiwiriwu wa tchimo: tchimo la munthu amene anaona, n'kukhala chete.

M'kuwerenga koyamba, Mulungu akuika mneneri Ezekiele kuti akhale mlonda wa anthu ake. Masiku amenewo mlonda ankaima pamwamba pa linga la mzinda. Sanali mfumu, sanali mkulu wa asilikali, ndipo kumenya nkhondo sinali ntchito yake. Ntchito yake inali imodzi: akaona adani akubwera, alize lipenga. Akaliza, anthu n'kunyozera, mlandu unali wa anthuwo. Koma akaona n'kusunga lipenga m'manja, magazi a ophedwawo Mulungu ankawafunsa kwa iye. Mlonda wotere sanabaye munthu, sanabe kanthu, sananame. Anangokhala chete basi, ndipo kukhala chete komweko ndiye mlandu wake.

Bwalo la Chileka lili ndi mbiri imene Amalawi amanyadira. Ndi pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsikira pa 6 Julayi 1958 pobwerera kwawo, ndipo ndi pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafikira pa 4 Meyi 1989 atabwera kudzacheza ndi Mpingo wa ku Malawi. Koma mu Januwale 2019 bwalo lomweli linatchuka ndi nkhani yochititsa manyazi. Kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, bungwe loyang'anira za ndege la ku South Africa litayendera bwaloli n'kupeza zofooka zikuluzikulu. Mpanda wozungulira bwalo unali utaonongedwa ndi anthu, ndipo galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zodalirika.

Ambiri anadandaula chifukwa maulendo awo anasokonekera, ndipo ena anamva ngati dziko lanyozedwa ndi alendo. Koma tanthauzo la zinthu zimene zinapezekazo n'loopsa. Ndege ikamatera imathamanga kuposa galimoto iliyonse ya pamsewu wa M1, ndipo singakhotere pambali kuti ipewe ng'ombe kapena mwana amene walowera pa mpanda wogumuka. Ndege ikagwira moto, mphindi zoyambirira ndi zimene zimasiyanitsa opulumuka ndi akufa, choncho galimoto yozimitsa moto imene ikufuna kukankhidwa kuti ilire ndi chimodzimodzi kuti palibe. Pa nthawiyo palibe amene anafa. Lipenga linalira ngozi isanachitike, ndipo chimenecho chinali chifundo, ngakhale chinafika ngati chipongwe.

Funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: n'chifukwa chiyani lipengalo linachita kulizidwa ndi mlonda wochokera kunja? Mpanda sugumuka tsiku limodzi. Pali amene anadula waya usiku. Pali amene anagula wayayo pamtengo wozizira osafunsa kumene wachokera, ndipo ogula otere nthawi zambiri sakhala kumudzi, amakhala m'tauni. Pali amene ankadutsa pabowopo tsiku ndi tsiku chifukwa ndi njira yachidule. Pali amene anaona n'kunena mumtima kuti za boma zilibe mwini. Palibe mmodzi mwa anthuwa amene ankafuna kugwetsa ndege. Aliyense anangochotsapo kachidutswa kake kakang'ono, ndipo aliyense akanafunsidwa akanayankha kuti iye sanaphe munthu.

Patapita zaka zisanu, dziko linalira maliro amene mpaka lero sanapole m'mitima. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali a Malawi Defence Force, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa, kupita ku Mzuzu. Inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr. Saulos Klaus Chilima, mayi Patricia Shanil Dzimbiri ndi ena, paulendo wokakhala nawo pa maliro a Ralph Kasambara. Itayenda pafupifupi ola limodzi, inagunda phiri m'nkhalango ya Chikangawa, kunja kuli nkhungu. Anthu onse 9 anamwalira. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni, ndipo Dr. Chilima, amene anali mkhristu wa Katolika, anaikidwa m'manda ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, pa 17 Juni.

Popeza ndegeyo inapangidwa ku Germany, akatswiri a bungwe la BFU la m'dzikolo anabwera kudzafufuza. Lipoti lawo lomaliza, limene linatuluka mu Juni 2025, linati ndegeyo inkayenda motsatira malamulo odalira kuona ndi maso, koma inalowa m'nyengo imene maso sangathandize, ndipo inagunda mtunda wokwera. Linatchulanso zinthu zimene zinathandizira ngoziyo: chiganizo chopitiriza ulendo ndege ikuuluka m'munsi nyengo ili yoipa, kusazindikira bwino pamene ndege inali, ndi kukonzekera ulendo kosakwanira. Komishoni imene inatsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide, m'lipoti lake la mu Disembala 2024, inati sinapeze umboni wa chiwembu, ndipo nayo inaloza ku nyengo ndi zofooka za anthu. Mafunso akadalipo m'mitima ya ambiri, makamaka mabanja ofedwa, ndipo kufunsa kwawo si tchimo.

Koma pali mfundo zina m'malipotiwa zimene sizifuna mtsutso. Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, amene anthu amawatchula kuti black box. Inali ndi kachipangizo kamene ntchito yake ndi kulira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe kumene ili, koma batire yake inali itatha nthawi m'chaka cha 2004. Kuchokera 2004 kufika 2024 ndi zaka 20. Mwana amene anabatizidwa m'chaka chimenecho anali atamaliza Fomu 4, batire ija ikadali pamalo pake, yakufa. Batireyo si imene inagwetsa ndege. Koma pa tsiku limodzi lokha limene kachipangizoko kanafunika kuliza lipenga, kanakhala chete, ndipo dziko lonse linagona usiku wathunthu osadziwa kumene anthu ake ali.

Mkhristu ayenera kusamala kwambiri pamenepa. Mawu akuti "kulakwitsa kwa munthu" ndi osavuta kuwaponya pa anthu amene sangathenso kudziyankhira. Asilikali atatu amene ankagwira ntchito m'ndegemo anafera pa ntchito yotumikira dziko, ndipo anasiya mabanja amene akulirabe. Anthu ena atakamba ndi Yezu za ophedwa, Iye anawakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana ganizo loti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. M'malo mwake anatembenuzira nkhaniyo kwa amoyo, kuti iwo ndiwo atembenuke mtima. Akatswiri a za ndege nawo amanena zofanana ndi zimenezi m'chinenero chawo. Woyendetsa ndege ndiye munthu womaliza pa mzere wautali. Kumbuyo kwake kuli wopereka ndalama zokonzera, wogula zipangizo, makaniko, woyendera, wopereka uthenga wa nyengo, wokonza ulendo, ndiponso aliyense amene amachititsa kuti kubwerera m'mbuyo kuoneke ngati kulephera. Ngozi imachitika pamene zofooka za anthu ambiri zakumana tsiku limodzi. Kuloza womaliza yekha ndi njira imene ena onse amadzipulumutsira.

Dziko la Zambia linadutsamo m'chigwa chomwechi. Pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali imene inanyamula timu ya mpira ya dzikolo inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon, ndipo anthu onse 30 anamwalira. Lipoti la boma la Gabon linatuluka patapita zaka 10, mu 2003. Linati injini imodzi inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini yabwinoyo m'malo mwa yowonongekayo. Dzanja limene linalakwitsa linali limodzi, koma amene analola ndege yovuta ndi munthu wotopa kuti anyamule miyoyo 30 anali ambiri.

Ngozi zotere zikachitika, pamaliro pamamveka mawu otonthoza akuti inali nthawi yawo, kapena akuti Mulungu wakonda. Mawuwa amachokera mumtima wabwino, ndipo n'zoona kuti moyo wa munthu aliyense uli m'manja mwa Mulungu, ndiponso kuti imfa singamulande Mulungu ana ake. Koma mawu omwewa akachoka pa siwa n'kulowa mu ofesi, amasanduka chofunda cha ulesi. Mulungu sanalembe kuti batire ikhale zaka 20 osasinthidwa. Mulungu sanadule mpanda wa ku Chileka. Satana atamutengera Yezu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu n'kumuuza kuti adziponye pansi poti angelo amuwakha, Yezu anakana, chifukwa kutero n'kumuyesa Mulungu. Amene amanyamuka ulendo akudziwa kuti mabuleki ndi ofooka, n'kungolemba chizindikiro cha mtanda, sakuonetsa chikhulupiriro. Akuchita chimene Yezu anakana kuchita. Pemphero la paulendo ndi loyera, koma limayenda limodzi ndi sipanala.

Mthenga Wabwino wa lero, wochokera m'mutu 18 wa Mateyo, ukuonetsa m'mene mlonda ayenera kulizira lipenga pakati pa abale. Munthu akaona m'bale wake akulakwa, apite kwa iye ali awiri, amuuze. Akapanda kumva, atenge wina mmodzi kapena awiri. Akapanda kumvabe, nkhaniyo ipite ku mpingo. Yezu sanapereke mwayi wachinayi, woti munthu angokhala chete n'kumakamba kumbali. Ndipo sananene kuti lamuloli ndi la akuluakulu okha pouza ang'onoang'ono.

Ngozi yoopsa kuposa zonse m'mbiri ya maulendo a ndege inaphunzitsa dziko lapansi phunziro lomweli. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinagundana pansi m'kati mwa nkhungu, ndipo anthu 583 anamwalira. Kaputeni wa KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, sanali munthu wamba. Anali mkulu wophunzitsa anzake pa ndege za mtunduwo, ndipo nkhope yake inali pa zithunzi zotsatsa malonda a kampaniyo. Tsiku limenelo ulendo unali utachedwa kwambiri, ndipo malamulo a maola ogwira ntchito anali pafupi kuwatsekereza pachilumbapo. Anayamba kuthamangitsa ndege asanapatsidwe chilolezo chenicheni chonyamukira. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anakayika, n'kufunsa ngati ndege ya Pan Am inali itachokadi pamsewu. Kaputeni anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Patangopita masekondi ochepa, ndege ziwirizo zinali moto.

Mlonda analipo m'chipinda chimenecho, ndipo anaona. Lipenga analiza, koma motsitsa, mwaulemu, ndipo wamkulu sanalimve. M'zaka zotsatira, makampani a ndege anasintha kaphunzitsidwe kawo. Lero woyendetsa wamng'ono amaphunzitsidwa kunena nkhawa yake momveka, kuibwereza mwamphamvu ngati sanamvedwe, ndipo ngati moyo uli pangozi, kuchitapo kanthu. Kaputeni naye amaphunzitsidwa kuti kufunsidwa ndi wamng'ono si kunyozedwa. Mawu a pa wailesi anakonzedwanso, kuti malangizo ofunika a ku nsanja woyendetsa aziwabwereza mokweza, wolamulayo amve ngati amvana. Ndondomeko imeneyi ikufanana kwambiri ndi ya m'mutu 18 wa Mateyo: nena, bwereza, itana ena, usasiye.

Phunziroli ndi lolemera kwa Amalawi, chifukwa ulemu ndi chuma chimene ana amaphunzira akadali kumsana. Mwana sayankha akulu. Wantchito satsutsa bwana pagulu. Msilikali safunsa lamulo. Ulemu wotere wasunga mabanja ndi midzi kwa zaka zambiri, ndipo Mpingo suutaya. Koma makolo omwe anaphunzitsa ulemuwo ndi amenenso anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ulemu umene umaonerera bambo akulowera kuphompho, poopa kuwakhumudwitsa, ndi mantha ovala malaya a ulemu. Paulo Woyera, amene anabwera m'mbuyo mwa Atumwi onse, anamudzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya pamene anaona kuti akulakwitsa, ndipo Mpingo umawakumbukira awiriwa pa tsiku limodzi, pa 29 Juni. Kudzudzulako sikunagwetse mpando wa Petro.

Choncho mawu a lero ali ndi mbali ziwiri. Kwa wamng'ono akuti: lankhula. Kwa wamkulu akuti: khala munthu wotheka kuuzidwa. Bwana amene amakalipira aliyense wobwera ndi uthenga woipa, pakapita nthawi amangolandira uthenga wabwino wokhawokha, ndipo amakhala womaliza kudziwa kuti nyumba ikupsa. Wolemekezeka amene wakwera ndege kapena galimoto, woyendetsa akanena kuti nyengo si yabwino ndipo ndi bwino kudikira, ali ndi mphamvu yopulumutsa miyoyo ndi mawu awiri okha: "Chabwino, tidikire." Kuchedwa pa mwambo kumapepeseka.

Palinso nzeru ina m'malamulo a ndege imene akhristu angaizindikire msanga. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linakhazikitsa bungwe la ICAO loyang'anira maulendo a ndege padziko lonse, ndipo Malawi ndi membala wake, lili ndi chikalata chotchedwa Annex 13. Chikalatachi chimati cholinga chokhacho chofufuzira ngozi ndi kupewa ngozi ina, osati kupeza woti amuimbe mlandu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngati makaniko akudziwa kuti akaulula kuti anaiwala kumanga nati achotsedwa ntchito, adzabisa, ndipo natiyo idzauluka ndi anthu. Koma ngati akudziwa kuti kuulula kwake kuthandiza kukonza zinthu, adzanena. Yezu naye akuti cholinga chopitira kwa m'bale wolakwa ndi kumubweza, osati kumugonjetsa. Ndipo sakramenti la kulapa limaima pa maziko omwewa, akuti choipa chimene chatchulidwa dzina chingathe kuchira, pamene chobisidwa chimaola.

Izi sizikutanthauza kuti palibe woyankha mlandu. Pali kusiyana pakati pa munthu amene waiwala ndi munthu amene wasainira kuti wayendera chinthu chimene sanachione n'komwe. Pali kusiyana pakati pa wotopa ndi wolandira chiphuphu kuti atseke maso. Woyambayo amafunika thandizo ndi dongosolo labwino. Wachiwiriyo wagulitsa lipenga, ndipo makhoti alipo chifukwa cha iye. Chifundo ndi choonadi siziyenera kulekana, ndipo mabanja ofedwa ali ndi ufulu womva choonadi chonse, pa nthawi yake, osati patapita zaka 10.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority kuti liziyang'anira chitetezo cha maulendo a ndege. Koma pangano la ku Chicago limakhudza ndege za anthu wamba. Ndege za asilikali dziko lililonse limadziikira lokha malamulo ake. Apa ndi pamene nzika, ndiponso akhristu amene ali ku Nyumba ya Malamulo, m'maunduna ndi m'gulu la asilikali, ayenera kufunsa mosatopa: ngati ndege ya boma ikunyamula anthu, kodi miyoyo yawo isatetezedwe ndi muyezo wofanana ndi wa ndege zina zonse? Ndipo lamulo likakhalapo, kodi woyendera ali ndi ndalama, zipangizo ndi ufulu woletsa ndege kunyamuka ngakhale mwini ulendo ali munthu wamkulu? Lamulo lokhala m'kabati silisiyana ndi batire ija.

Akhristu ambiri a m'parishi ino sanakwerepo ndege, ndipo mwina sadzakwera. Koma pafupifupi onse anakwerapo minibasi ya pa msewu wochoka mu Blantyre kudutsa pa Lunzu ndi Lirangwe kulowera ku Zalewa. M'menemo nkhani ya ku Tenerife imachitika tsiku lililonse. Dalaivala akuthamangitsana ndi mnzake kuti akafike msanga pa siteji, akupitirira lole pamalo posaoneka kutsogolo, foni ili kukhutu. Mpando wa anthu atatu pakhala anayi. Onse akuona, onse mitima ili m'mwamba, ndipo onse ali duu. Mayi mmodzi akalimba mtima n'kunena kuti, "Adalaivala, chepetsani liwiro, mwanyamula anthu," kondakitala amamuyankha kuti agule yake galimoto, ndipo ena amaseka. Mayi ameneyo ndiye Ezekiele wa m'minibasimo. Mthenga Wabwino wa lero ukufunsa za wachiwiri ndi wachitatu uja: ali kuti amene angawonjezere mawu ake pa mawu a mayiwo? Dalaivala amatha kunyoza munthu mmodzi, koma anthu asanu akalankhula limodzi phazi limachoka pa moto.

Mlonda ali paliponse pamene munthu wapatsidwa kanthu koti ayang'anire. Namwino amene waona kuti mlingo wa mankhwala umene dokotala walemba ndi wokayikitsa ndi mlonda. Makaniko amene mwini galimoto akumuuza kuti angomanga ndi waya kuti ipite ndi mlonda. Wapolisi wa pamsewu, woyesa magalimoto, kalaliki wosunga mafayilo a zokonzetsa, mmisiri amene akuona kuti simenti yachepa, mlonda weniweni wa pageti ya ku Chileka, onsewa ali ndi lipenga m'manja. Ngakhale mu mphakati ndi m'makomiti a parishi, msungichuma amene waona kuti mabuku sakugwirizana ali pa linga lomwelo. Ntchito zimenezi zilibe ulemerero. Palibe amene amaimbidwa nyimbo chifukwa chosintha batire pa nthawi yake, ndipo ngozi imene yapewedwa siilembedwa m'nyuzipepala. Mulungu yekha ndiye amawerenga anthu amene anafika kwawo ali moyo chifukwa wina anakana kusaina.

M'kuwerenga kwachiwiri, Paulo Woyera akuuza Aroma kuti pali ngongole imodzi imene mkhristu samaliza kubweza, ndiyo ya chikondi, ndipo akuti wokonda mnzake wakwaniritsa malamulo onse. Anthu ambiri amaganiza kuti chikondi ndi malamulo ndi zinthu zotsutsana, kuti wachikondi ndi amene amati "pitani, palibe vuto," ndipo woumirira malamulo ndi wouma mtima. Nkhani za ndege zikuonetsa kuti si choncho. Mizere ina ya pa mndandanda umene oyendetsa amawerenga ku Chileka inalembedwa wina atafa. Amene amautsatira mokhulupirika akulemekeza akufawo, ndipo akukonda anthu amene ali kumbuyo kwake, amene sakuwadziwa n'komwe maina. Chikondi chotere sichimveka kukoma nthawi zonse. Nthawi zina chimaoneka ngati munthu wovuta amene akuchedwetsa anzake.

Sabata ino, mkhristu aliyense angachite bwino kudzifunsa mafunso awiri asanagone. Loyamba: ndi chinthu chiti kuntchito, kunyumba kapena pamsewu chimene wakhala akuchiona kuti sichili bwino, n'kumati wina adzanena? Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo mawa la munthu wozengereza limatha kukwana zaka 20. Lachiwiri: ndi ndani amene anayesapo kumuchenjeza, mwana, mkazi, wantchito kapena wophunzira, iye n'kumutseka pakamwa? Woteroyo ndi woyenera kumuitana, kumupepesa, ndi kumupempha kuti anenenso.

Yezu akumaliza Mthenga Wabwino wa lero ndi lonjezo loti pamene awiri kapena atatu akumana m'dzina lake, Iye amakhala nawo. Lonjezoli limakumbukiridwa kawirikawiri pa mapemphero a mphakati pamene anthu abwera ochepa. Koma Yezu analinena atangomaliza kuphunzitsa za kudzudzulana kwa abale. Iye alipo pamene awiri akhala pansi, wina n'kunena choonadi chovuta, wina n'kumvetsera.

Mulungu alandire mu ufumu wake anthu 9 amene anafera ku Chikangawa, pamodzi ndi onse amene anataya moyo paulendo wa mumlengalenga, wa pamsewu ndi wa panyanja, ndipo mizimu yawo iuse mumtendere. Atonthoze mabanja awo. Apatse oyendetsa ndege, amakaniko, a ku nsanja, ozimitsa moto ndi oyendera a pa Chileka ndi mabwalo ena onse maso openya ndi mtima wosagulika. Ndipo aliyense amene wamva Mawu ake lero amupatse kulimba mtima koliza lipenga nthawi ikadalipo, ndi kudzichepetsa koima akalimva. Amen.